Batani Lofiira la Anjomba

Ndinafika ku Balaka ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, nditanyamula kachikwama ka zovala ndi thumba la mpunga, khosi langa lili lopindika. Sikuti khosilo linkadwala. Zaka zingapo m'mbuyomo ndinali nditavinidwa ku nsondo, chinamwali cha atsikana kwathu kwa Kawinga, ndipo pa malangizo onse amene anankungwi anatipatsa, limodzi ndinaligwira ndi manja awiri: mwana wamkazi waulemu sayang'ana munthu wamkulu m'maso. Akakuitana, gwada, yang'ana pansi, yankha motsitsa mawu. Anzanga ambiri analitaya langizo limeneli asanakwanitse mwezi. Ine ndikagwira chinthu ndimagwira mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo khalidwe limeneli ndikadali nalo.

Amene anandiitana ku Balaka anali malume anga, mlongo wawo wa mayi, amene kwathu timati anjomba. Anandipezera malo pa sekondale ina yoyendera, ndipo ndinkagona pa nyumba yawo. Anali a kabaza, munthu wamfupi, wowonda, wa miyendo youma ngati nkhuni. Akazi awo, azakhali anga, ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa.

Anjomba anali ndi ntchito ina imene siinkawabweretsera kanthu. Ali mnyamata anakakhalako ku Joni, kumene ankasesa m'holo ina yophunziriramo karate. Ankasesa uku akuba ndi maso, mpaka mphunzitsi wa kumeneko anawapeza akuyeserera ndi tsache m'manja, nawauza kuti aike tsachelo pansi alowe pamzere. Pobwerera kumudzi anabwera ndi lamba wofiirira ndi njinga basi, moti achibale anawaseka kwa chaka chathunthu. M'mawa uliwonse akachoka ku swala, pemphero la m'bandakucha ku mzikiti, ankaphunzitsa achinyamata ochepa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa bwemba. Ine ndinkamva kufuula kwawo ndikutsuka mbale, ndipo mumtima ndinkati ndi masewera a anthu osowa chochita.

Njira yanga ya kusukulu inkadutsa pa njanji. Pafupi ndi podutsira panali kachisakasa pamene abambo angapo ankakhala akusewera bawo. Mmodzi wa iwo anayamba kumanditsekera njira. Poyamba ankangoti, "Mkazi wanga wafika." Kenaka anayamba kundigwira pamkono, kundikoka, kundiuza mawu amene sindingawalembe pano. Mawu ake anali a munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga. Ndiye mukuganiza kuti ine ndinkatani? Ndinkapinda maondo pang'ono, maso pansi, ndi kunena kuti, "Pepani bambo, ndachedwa kusukulu." Ndikakumbukira zimenezi ndimapsabe mtima, ndipo sindidziwa ngati ndimapsera iyeyo kapena kamtsikana kaja.

Mantha atandikulira ndinasiya kupita kusukulu. Ndinkavala yunifolomu, kutsanzika bwinobwino, ndi kukakhala kuseri kwa tchalitchi china mpaka nthawi yoweruka. Bodza lilibe mwendo wautali. Patatha masabata awiri, aphunzitsi ena anakwera kabaza ya anjomba ndi kuwafunsa ngati ndikudwala.

Madzulo ake anjomba anandiitana pakhonde. Ndinagwada potero, ndipo ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana phazi la makina a azakhali. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Munthuyo akuoneka bwanji?"

"Amavala patapata zobiriwira," ndinatero. "Ina ndi yomanga ndi waya. Chikhadabo cha chala chachikulu ndi chakuda."

"Ndikufunsa nkhope, mayi. Ndi wamtali? Ali ndi ndevu?"

Munthu anali atandizunza kwa mwezi wathunthu, koma nkhope yake sindinkaidziwa.

M'mawa mwake anjomba anapita pachisakasa paja okha. Anapezapo abambo anayi, awiri atavala nsapato, awiri opanda nsapato, ndipo onse analumbira kuti mwana wasukulu sanamuonepo. Anapita kwa akuluakulu oyang'anira dera lija, iwo nati, "Bweretsani mwanayo atilozere." Nanga ndikanaloza chiyani, phazi?

Nkhani inafika kwa mayi kumudzi. Mayi anaimbira anjomba foni ndipo ndinkamva mawu awo ngakhale ndinali kukhitchini. Anati ndibwerere, sukulu si chinthu chofera, ndiponso kuli mnyamata wina wa ku Nselema amene makolo ake abwera kale kawiri kudzafunsa za ine. Mayi sanali munthu woipa. Anali ndi mantha, ndipo mankhwala a mantha amene ankawadziwa anali banja. Anjomba anapempha chinthu chimodzi, kuti andisiye mpaka teremu ithe. Ikatha ndisanathe kuyenda ndekha kupita kusukulu, adzandikweza okha basi yobwerera kumudzi. Ine sukulu ndinkaifuna moti usiku umenewo nsima inandikanika.

Sabata yoyamba ankandinyamula pa njinga kupita ndi kubwera. Tsiku lina tikudutsa pa njanji anati, "Njinga iyi siidzakhala nawe mpaka kalekale. Mawa uvale buluku la azakhali ako mkati mwa chitenje, ubwere kuseri."

Amene amaganiza kuti karate ndi kuuluka m'mwamba ngati za m'mavidiyo, anjomba akanawagwetsa ulesi tsiku loyamba. Anandiphunzitsa kuima. Basi, kuima: mapazi motalikirana, maondo opinda, msana woongoka, mpweya kutsikira m'mimba. Miyendo ikayamba kunjenjemera ankati ndiwerenge mpaka khumi ndisanadzuke. Kenaka kugwa, pa matumba a madeya, chibwano pachifuwa, mpaka thupi litasiya kuopa nthaka. Kenaka nkhonya imodzi yokha, pang'onopang'ono ngati ndikukankha chitseko cholemera. Ankati chimene sungachichite bwino mwapang'onopang'ono, ukachichita mothamanga umangofulumiza kulakwitsa. Sankafuna kuti munthu achite maola atatu Loweruka ndi kugona sabata yonse. Ankafuna kanthawi kochepa tsiku ndi tsiku, ndipo kwa ine anawonjezera kuti ndikamapopa madzi pa mjigo ndiziima mwa karate. Amayi a pamjigo ankaseka mpaka kugwirana mapewa, ine ndikupopa nditatang'adza ngati ndakwera bulu.

Anandiphunzitsanso kuchotsa mkono m'dzanja la munthu. Sukoka, ankatero, chifukwa iye ndi wamphamvu kuposa iwe. Umapotoza mkono kulozetsa kumene kuli chala chake chachikulu, poti pamenepo ndiye pakhomo. Ukatuluka, fuula ndi mawu ochokera m'mimba, ndipo thawira kumene kuli anthu. Kumenya ankakuika kumapeto kwenikweni, ngati mankhwala owawa osungira tsiku loipa.

Zonsezi ndinazigwira msanga, ndipo ndisabise, ndinkaposa anyamata ena amene anayamba kale. Vuto linabwera tsiku limene anjomba anaima patsogolo panga kuti ndizitchinga. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono, nandigunda pamphumi ndi zala ziwiri. Anabwerezanso, nandigundanso. Kachisanu anaima.

"Ukuyang'ana kuti?"

"Pansi, anjomba."

"Pansi pakumenya ndani?"

"Palibe."

"Ndiye ndiyang'ane."

Ndinayesa. Mulungu ndi mboni, ndinayesa. Maso ankakwera kufika m'maondo mwawo, kenaka khosi linkabwerera lokha ngati nthambi imene waikoka ndi kuisiya. Kuyang'ana anjomba m'maso, mwini mbumba, munthu amene ngakhale mayi anga ankamugwadira, kunali ngati andiuza kuti ndiwatukwane. Misozi inayamba kugwera pa fumbi.

Azakhali anali ataima pakona pa nyumba ndi tepi m'khosi. "Bambo, mwanayu analangidwa bwino," anatero. "Mukufuna mumuchotse ulemu, akabwerere kwa mayi ake ali chimasomaso?"

"Iyayi," anayankha anjomba. "Ulemu wake ndi umene unamupereka kwa munthu uja. Sindikuuchotsa, ndikufuna adziwe pouika."

Anajambula mzere pa dothi ndi chidendene. Anati mbali ya kunyumba iwo ndi anjomba, ndizigwada monga mwa masiku onse. Mbali ya kubwemba iwo ndi munthu chabe amene akufuna kundigunda pamphumi. Zinamveka bwino m'makutu, koma khosi langa silinamve. Masiku atatu otsatira mphumi yanga inalandira zala ziwiri zija mpaka ndinaleka kuwerenga.

Nzeru inachokera kwa azakhali omwe aja ankatsutsa. Tsiku lachinayi anatuluka ndi buluku la anjomba lophunzitsira, atasokerera pa bondo batani lalikulu lofiira, lochoka pa jekete ya mwana. "Poti maso ake amafika pa bondo," anatero, "ayambire pomwepo. Asayang'ane inu, aziyang'ana batani."

Anyamata anaseka, anjomba nawonso anaseka, koma buluku analivala. Ndipo zinatheka. Batani si munthu wamkulu, silifuna ulemu. Ndinkaliyang'anitsitsa ngati landilakwira, ndipo ndinayamba kuona bondo likamasuntha mwendo usananyamuke. Anjomba ankafunsa kuti, "Ukundiona?" Ine ndinkayankha kuti, "Ndikuona batani."

Lachisanu lililonse madzulo azakhali ankalithothola ndi kulisokerera pamwamba pang'ono. Linachoka pa bondo kupita m'chiuno, linasamukira pa malaya, pamimba, kenaka pachifuwa. Lili pachifuwa ndinazindikira chinthu chimene mpaka lero ndimaphunzitsa: nkhonya imayambira paphewa, ndipo ukaona phewa wayiona isanabadwe. Zala ziwiri zija zinayamba kuphonya. Ndinkakondwa mobisa, koma masabata ankatha, ndipo kusukulu ndinkapitabe pa njinga. Anjomba ankataya makasitomala a m'mawa chifukwa cha ine, ndipo sanandiuzepo. Ndikadandaula kuti tikuchedwa ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkafuna kuwayankha kuti nkhono ilibe teremu, koma ndinali mbali ya kunyumba ya mzere uja.

Batani litafika pa kolala, tinakhalapo masabata awiri. Pamwamba pa kolala palibenso nsalu. Ndinkaona chibwano chawo ndi tindevu toyera, ndipo pamenepo khosi linkakana.

Kutatsala masabata awiri kuti teremu ithe, anjomba anatuluka m'mawa atavala chisoti chawo choyera cha ku mzikiti, batani lofiira lili pamphumi penipeni. Ankaoneka ngati tambala. Ndinafuna kuseka, ndipo kusekako ndi kumene kunandipusitsa. Maso anga ananyamuka pa kolala kuti akafike pa chisoti, ndipo panjira anakumana ndi maso awo.

Ndinali nditakhala m'nyumba mwawo miyezi yonseyo, ndikudya chakudya chawo, koma nkhope yawo ndinkaidziwa mwa mbali chabe, moba. Tsiku limenelo ndinaona kuti anali ndi chipsera chodula nsidze ya kumanzere. Ndinaona kuti maso awo anali ofiira ndi fumbi la mumsewu ndiponso otopa kwambiri. Koma chimene chinandithyola n'chakuti anali maso a mayi anga enieni, ndipo munalibe mkwiyo ngakhale pang'ono. Ndinkayembekezera kuti kumwamba kugwa. M'malo mwake munthu ankangondiyang'ana mondikonda.

"Ukundiona?" anafunsa motsitsa.

Ndinangogwedeza mutu, misozi ili mbwembwembwe, koma maso sindinatsitse. Anatambasula zala ziwiri zija ndipo ndinazikankhira kumbali.

Lolemba lotsatira ndinawauza kuti ndipita ndekha. Sanatsutse. Pambuyo pake ndinamva kuti ananditsatira chapatali akukankha njinga, koma tsikulo sindinadziwe. Nditayandikira njanji ndinaona patapata zobiriwira zija zikutuluka m'chisakasa, waya uli pomwepo. Dzanja linagwira mkono wanga. "Unathawira kuti, mkazi wanga?"

Ndinayambira pa bondo, monga ndinazolowera. Chiuno, mimba, chifuwa, kolala. Kenaka nkhope. Anali munthu wamba, wa mano othimbirira, wa kadazi, wa kachilonda pamlomo. Ndinadabwa kuti chinthu chimene chinatsala pang'ono kundilanda sukulu chinali chaching'ono chonchi. Iye sanayembekezere maso anga, ndipo ndinaona ake akuthawira kumbali. Ndinapotoza mkono kulozetsa ku chala chachikulu, unatuluka ngati nsomba, ndipo ndinafuula mfuu ya pansi pa bwemba ija, imene inadzidzimutsa ngakhale ine ndemwe. Amayi ogulitsa zitumbuwa anatembenuka, a kabaza awiri anaima. Sindinamumenye. Anthu ena ndikawauza nkhaniyi amakhumudwa pamenepa, amafuna ndinene kuti ndinamuthyola nthiti. Pepani, ndinangomuloza ndi chala, ndi kunena mokweza zonse zimene ankandichita.

Masana omwewo ndinamulozanso pamaso pa akuluakulu aja, anjomba ali pambali panga. Atatuluka poyera, panapezeka atsikana ena awiri amene ankawachita zomwezo. Nkhaniyo inapita kumene inayenera kupita, ndipo pachisakasa paja sindinamuonenso. Teremu itatha ndinapita kumudzi kukacheza chabe. Ndinagwadira mayi pakhomo monga mwa mwambo, kenaka ndinadzutsa mutu ndi kuwayang'ana. Anati, "Iwe, maso amenewo wawatenga kuti?" Koma sanakalipe, ndipo za mnyamata wa ku Nselema sanazitchulenso.

Sukulu ndinamaliza. Lero ndine mphunzitsi wa pulayimale konkuno ku Balaka, ndipo masana ena ndimaphunzitsa atsikana karate pabwalo la sukulu. Ndimayamba ndi kuima, kugwa, ndi nkhonya imodzi ya pang'onopang'ono, ndipo amene amabwera kudzafuna zouluka amatopa msanga ndi kundisiya. Sindiwauza kuti ataye ulemu. Ine ndemwe ndimagwadabe popereka madzi kwa akulu, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndimangojambula mzere pa dothi ndi chidendene.

Chaka chatha anjomba anagwa pa njinga ndi sitiroko. Atatuluka m'chipatala, mbali ya kumanja inali itafa ndipo mawu anali atapita. Ndinali ku maphunziro ena kutali, ndipo ndinafika patatha masiku anayi ali kunyumba. Ndinapeza m'chipinda mwadzaza amayi: mayi anga, azakhali, ndi achibale ochokera kumudzi, onse atakhala pamphasa mitu ili pansi, monga timakhalira pamaso pa mwini mbumba. Azakhali anandiuza akulira kuti akukana chilichonse. Akawapatsa phala amatembenuza mutu, akawapatsa tiyi amatseka pakamwa, akawatembenuza amabuula. Ena anali atayamba kunong'ona kuti munthuyo wataya mtima, akufuna kupita.

Ndinagwada pafupi ndi bedi. Nkhope yawo inali itapendekeka, chipsera chija chili pomwepo. Ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinamva mayi akundikoka chitenje kumbuyo kuti ndidziletse. Sindinawamvere.

Maso a anjomba sanali a munthu wofuna kufa. Anali a munthu amene watopa ndi kuitana. Masowo anandigwira, kenaka anapita pakona pa chipinda, anabwerera kwa ine, anapitanso pakona pomwepo. Ndinatsatira. Pakonapo panali kaketulo ka pulasitiki kamene ankatawazira, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali, ndi mkeka wawo wopinda. Kunja dzuwa linali litapendeka, nthawi ya swala ya masana ikutha. Munthu amene sanaphonyepo swala chibwerereni ku Joni anali atagona masiku onsewo osatawaza, akupempha ndi maso, ndipo aliyense ankawalemekeza poyang'ana pansi.

"Mukufuna kutawaza, anjomba?" ndinafunsa.

Anatseka maso pang'onopang'ono ndi kuwatsekulanso. Msozi unatsika mbali yamoyo ija.

Ndinagwira kaketulo, azakhali nawasambitsa m'manja, kumaso ndi kumapazi. Tinakankha bedi kuti ayang'ane kumene amayang'ana poswali, ndipo anaswali chigonere, milomo ikugwedera pang'ono. Atamaliza anamwa phala mbale yonse. Kenaka azakhali anadzuka pamphasa, nasendera kufupi, ndipo kwa nthawi yoyamba pamaso pa alamu awo anayang'ana mwamuna wawo kumaso ndi kumufunsa ngati akufuna madzi akumwa.

Mawu sanabwerere mpaka lero, koma tinapangana: kuphethira kamodzi ndi inde, kawiri ndi iyayi. Mayi anga nawonso anaphunzira, ngakhale amayamba apepesa asanadzutse mutu. Ndimapitako tsiku lililonse ndikaweruka, ndi kuwafotokozera za atsikana anga, amene akuima bwino ndi amene akuchita ulesi. Batani lija azakhali analisunga m'kabokosi ka singano, ndipo ndinalipempha. Lili pa bondo la buluku langa, chifukwa chaka chino kwabwera kamtsikana kena ka kumudzi kamene kamadziwa mapazi a anthu onse.

Tsiku limene ndinawaonetsa bulukulo, anjomba analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzutsa dzanja lamanzere movutikira, zala ziwiri zitatambasuka, kulunjika pamphumi panga. Ndinaliona likubwera kuyambira paphewa, ndipo ndikanatha kulitchinga ngakhale ndili m'tulo. Ndinalisiya lifike. Nsidze yodukayo inakwera pang'ono, ndipo funso ndinalimva ngakhale panalibe mawu.

"Ndikukuonani, anjomba," ndinatero.

Anaphethira kamodzi.